Nyali ya agogo: ipite ku Moatize kapena ikhale pamudzi?

Nachisale (Tete): Moni nonse pagulu. Ndabwera ndi nkhani yofuna nzeru zanu. Mwezi watha tinali ku Angónia kukonza nyumba ya malemu agogo aamuna, ndiye pansi pa bedi tinapeza sutikesi yachitsulo ija ankaletsa aliyense kuikhudza. M'katimo munali nyali yamkuwa yaing'ono, chisoti chong'aluka pamphumi, ndi kachitsulo kozungulira kolembedwa nambala, koboola pamwamba. Agogo anagwira mu mgodi wa malasha ku Moatize kuyambira nthawi ya atsamunda mpaka masiku a kampani ya boma ya Carbomoc. Tsono ku Moatize kuli mdala wina, nawonso a mgodi opuma, amene anasandutsa chipinda cha kuseri kwa nyumba yawo kukhala mosungira zinthu za mu mgodi. Anthu amangoti "muzeu" ngakhale si wa boma. Ndinapitako Loweruka, ndipo atamva za nyaliyo anandipempha kuti ndikaisiye kumeneko. Amalume akukanitsitsa, akuti katundu wa malemu sachoka pamudzi. Ine mtima uli pawiri. Inu mukanatani?

Mnyamata wa Shapa: Achemwali, mkuwa uli pa mtengo masiku ano. Ogula sukata ali pa Matundo pompa 😂

Mayi a ku Domwe: Iwe mwana, choka apa ndi sukata yakoyo. Anzako akukamba za maliro iwe ukuwerenga makilo.

Mnyamata wa Shapa: Pepani mayi, ndimangocheza. Koma zoona zake, zitsulo zambiri zakale zinathera komweko. Ndanyamulapo ndekha matumba a mabawuti a njanji pa kaliyala ya minibasi yathu imene timati shapa, mwini wake akuti ndi zotola.

Aphunzitsi a ku Zobue: Malo amenewo ndikuwadziwa, ndinapita nawo ana a kalasi yanga chaka chatha. Musayembekeze zazikulu. Ndi chipinda chimodzi cha malata, kutentha kwa Moatize kuja mukangolowa thukuta kamukamu. Panja pali kangolo kachitsulo kamene kankatulutsa malasha, kali pa tinjanji tiwiri tatifupi, ndipo tsiku limenelo m'katimo munagona mbuzi. M'chipindamo muli mapiki, mafosholo afupiafupi ogwirira pamalo opanikiza, jombo zouma ngati chikopa cha ng'oma, belu, ndi telefoni yachitsulo yolemera yoti mwana mmodzi sanganyamule. Koma chimene chinawagwira mtima ana si zimenezo ayi. Ndi thabwa lakuda lokhomedwa misomali mizeremizere, msomali uliwonse ndi nambala yake.

Nachisale (Tete): Eee aphunzitsi, thabwa lija ndinaliona. Ndi pamene anandifotokozera za kachitsulo ka agogo.

Aphunzitsi a ku Zobue: Ndiye fotokozerani anzathu, mwamva kwa mwini wake posachedwa.

Nachisale (Tete): Akuti kachitsuloko ankakatcha shapa, monga shapa ya nambala ya galimoto. M'mawa ukafika umapereka shapa yako kwa wosunga nyali, iye n'kuipachika pa msomali wa nambala yako, n'kukupatsa nyali. Ukatuluka umabweza nyali, n'kutenga shapa yako kupita nayo kunyumba. Ndiye madzulo kapitao ankangoyang'ana thabwa. Msomali ukakhala ndi shapa, ndiye kuti munthuyo akadali pansi. Mdalayo ananena zimenezi ali chiimire, kenako anangokhala chete kwa kanthawi, ine osadziwa koyang'ana.

Makaniko wa ku Matundo: Tatumizani chithunzi cha nyaliyo tione.

Nachisale (Tete): Ndi imeneyo. Ili ndi zipinda ziwiri zomangana ngati botolo ndi chivindikiro, kakiyi pamwamba, ndi kambale kowala kutsogolo.

Makaniko wa ku Matundo: Mayi, musandikwiyire, koma nyali iyi sinalowepo mu mgodi wa malasha. Iyi ndi ya kabaidi. Pansipo ankaikapo timiyala ta kabaidi, pamwamba madzi. Mukapotokola kakiyiko madzi amadontha pang'onopang'ono pa timiyalato, pamatuluka mpweya umene umayaka pa kabowo kali pakati pa kambaleko. Ndi mpweya womwe uja timawotcherera zitsulo ku garaja. Moto wake uli poyera, wopanda chotchinga. Mu malasha muli mpweya woyaka uja a mgodi amati grizu. Kulowa ndi moto wapoyera m'menemo ndi kudzikumbira manda pamodzi ndi anzako.

Nachisale (Tete): Ah ah. Ndiye mukuti agogo ankatinamiza?

Makaniko wa ku Matundo: Ayi, sindinatero. Chisoti ndi shapa ndi za mgodi ndithu. Ndikunena nyali yokhayi. Za mu malasha zinali za mitundu iwiri: ya batire yokoleka pa chisoti, batire lake pa lamba m'chiuno, ndi ina yamafuta yozingidwa ndi galasi ndi kawaya ka sefa. Yachiwiriyi inapangidwa koyamba ku England mu 1815 ndi Humphry Davy. Sefayo imamwa kutentha moti moto sudutsa kukayatsa mpweya wa kunja. Ndipo kapitao ankaigwiritsa ntchito poyeza: akatsitsa lawi, ngati pali grizu pamwamba pa lawilo pamaoneka kachisoti kobiriwira ngati moto wa gasi. Kakatalika, aliyense atuluke. Komanso tangoganizani, nyali ya mgodi inkabwezedwa tsiku lililonse, ikanapezeka bwanji pansi pa bedi ku Angónia?

Mnyamata wa Shapa: Mwina agogo ankasakira akalulu usiku.

Bambo Wanjanji (Mutarara): Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, mdzukulu ndiye akundilembera chifukwa maso anatha. Mwana wanga Nachisale, nyali yotereyi ndinaiona ndi maso anga m'manja mwa akuluakulu amene anatiphunzitsa ntchito. Oyendera njanji usiku ankanyamula zimenezi. Kuwala kwake n'koyera kuposa koloboyi, ndipo mphepo ikazimitsa umangoyatsanso. Kafunseni bwino kwanu ngati malemuwo sanayambire ku njanji. Anthu ambiri a kumtunda ankatero: kuyamba ndi piki pa njanji, kenako n'kulowa mu mgodi atamva kuti kumeneko ndalama ikuposako. Njanji inafika ku Moatize mu 1949, kuchokera kuno ku Dona Ana, ndipo inapita kumeneko chifukwa cha malasha omwewo. Mlatho wathu uwu wa pa Zambezi unatsegulidwa mu 1935, makilomita atatu ndi theka n'kupitirira, poyamba unali wa sitima zochokera ku Nyasaland kupita ku Beira. Njanji ndi mgodi ndi pachibale, wina akadwala mnzake amagona ndi njala. Nthawi ya nkhondo njanji itaduka, malasha anangounjikana ku Moatize ngati mapiri, opanda chowanyamula.

Nachisale (Tete): Zikomo agogo. Za njanji sindinamvepo pakhomo pathu, koma ndifunsa. Alipo achemwali awo a malemu, ali ku Tsangano, amakumbukira zonse.

Aphunzitsi a ku Zobue: Mwaonatu. Nyaliyi ikanapita Loweruka lija, bwenzi pano ili pa shelefu ndi kapepala koti "nyali ya mu mgodi", ana anga n'kumakopera m'makope.

Makaniko wa ku Matundo: Ayi aphunzitsi, mdala uja sakanalemba zimenezo, iye ndi wa mgodi, akanaizindikira akangoigwira. Vuto ndi loti iye sanaione, anangomva kuti nyali.

Aphunzitsi a ku Zobue: Mwanena zoona, ndalakwitsa. Komabe mfundo yanga ndi yakuti m'chipinda muja mulibe cholembedwa n'chimodzi chomwe. Zonse zili m'mutu mwa munthu mmodzi wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, amene amatsokomola akayankhula nthawi yaitali. Tsiku limene tinapita anali ndi mphamvu, anawafotokozera ana mmene ankaimikira mitengo yochirikiza denga, ndi kuti mtengo ukayamba kulira "tsetsetse" sufunsa mnzako, umathawa. Mnzanga wina anapita ndi kalasi yake patapita miyezi iwiri, anapeza mdalayo ali kuchipatala, mdzukulu ndiye anatsegula. Ana anazungulira mphindi khumi, n'kutuluka kukagula mafiriziti. Zitsulo zomwezo, chipinda chomwecho.

Mayi a ku Domwe: Ine ndili mbali ya amalume anu, Nachisale. Osati chifukwa cha mwambo wokha. Mu 1986 tinathawira ku Dedza ndi zovala za m'thupi, mbuzi ndi nkhokwe zonse kusiya. Munthu amene anasunga sutikesi imeneyo m'zaka zimenezo, kaya anaikwirira kaya anaisenza pamutu kuwoloka nayo malire n'kubwera nayonso itatha nkhondo mu 1992, sanaisungire alendo. Anasungira inu. Tsono mukaipereka kwa munthu amene si wa boma, si wa mpingo, mawa akatisiya ana ake adzatani nazo? Si ameneyu wa minibasi adzazinyamule pa kaliyala?

Mnyamata wa Shapa: Mayi mwandikumbukiranso 🙈

Wamagetsi wa ku Songo: Funso la mayi ndi lolemera, tisalithawe. Koma ndifunsenso mbali inayo: pansi pa bedi yaonedwa ndi anthu angati zaka zonsezi? Mdzukulu weniweni sankadziwa n'komwe kuti shapa ndi chiyani mpaka mlendo atamuuza. Kuno ku Songo, pa damu la Cahora Bassa, timakhala pamwamba pa makina asanu opanga magetsi okwana mamegawati 2,075, khoma lake lotalika mamita 171, lomangidwa kuyambira 1969 mpaka 1974. Alendo akabwera amajambula khomalo ndi madzi. Pa 27 Novembala timakumbukira kuti mu 2007 damu linabwera m'manja mwa Mozambique. Zonsezo n'zabwino. Koma funsani mwana wa sekondale kuno kuti anthu amene anaboola phiri lija ankadya chiyani, ankagona pati, ankachokera midzi iti. Adzakuuzani mamegawati. Makina aakulu ali ndi owasamala. Timatenga ta munthu wamba, mbale yake, shapa yake, ndi timene timasowa.

Nachisale (Tete): Bukhu la alendo ndinalitsegula ndili komweko. Linandidabwitsa. Masamba ambiri ndi a masukulu, ana kulemba mayina mothinana. Kenako mainjiniya a migodi yatsopanoyi, ena a ku Brazil, ena a ku India, ena a ku South Africa. Pali tsamba lina lolembedwa Chijeremani lonse, mdalayo akuti ndi nkhalamba ina imene inagwira nawo ntchito m'ma 1980 ndipo inabwera ndi mwana wake kudzamuonetsa. Akuti inakhala pa mpando maola awiri ikusisita telefoni ija. Koma a Moatize eniake, akulu, ndinawerenga ochepa kwambiri.

Makaniko wa ku Matundo: Za Ajeremani n'zoona, a ku East Germany anabwera ambiri boma litatenga migodi n'kukhazikitsa Carbomoc mu 1978. Bambo anga ankakonza nawo magalimoto. Za eni mudzi kusabwera, musadabwe. Munthu amene fumbi la malasha limamugwera mu ufa ali pa mphasa sangalipire kuti akaone fosholo.

Nachisale (Tete): Salipiritsatu. Pali kachitini pakhomo, woponya aponye.

Makaniko wa ku Matundo: Ngakhale ulere. Kwa mlendo ndi mbiri, kwa iwo ndi dzulo.

Mlongo wa ku Cateme: Ndilowepo pang'ono. Ife amene tinasamuka m'midzi ya kufupi ndi mgodi cha m'ma 2010 tili ndi zathunso. Bambo anga ankaumba njerwa, chikombole chawo chamatabwa ndikusunga ine. Kodi chimenecho chingalowe mu muzeu wanuwo, kapena mbiri ya malasha ndi ya okhawo anavala chisoti? Chifukwa dothi limene ankaumbira lija pano ndi dzenje loti galimoto yaikulu ikalowamo imaoneka ngati nyerere.

Aphunzitsi a ku Zobue: Chingalowe, ndipo chiyenera kulowa. Ana a lero mgodi wolowa pansi saudziwa, amadziwa wokumba kuchokera pamwamba umene unayamba kutulutsa malasha mu 2011, ndi sitima zazitali zodutsa m'Malawi kupita ku Nacala. Kwa iwo chikombole chija ndi kangolo kaja zonse ndi zakale mofanana.

Mlongo wa ku Cateme: Ndiye ndikaone kaye ndi maso. Sindipereka chinthu cha bambo kwa munthu amene sindinamwe naye madzi.

Mphwake wa Mfumu (Furancungo): Pali nkhani imene nonse mukuizungulira ngati mphaka pa phala lotentha. Chipanga, migodi ya ku Moatize komweko. Mu 1976 mgodi unaphulika, anthu n'kufa ambirimbiri. Chaka chotsatira, 1977, unaphulikanso wina, ndipo tsiku limenelo anthu atakwiya anapha akuluakulu a mgodi ochokera kunja. Kodi m'chipinda chimenecho nkhaniyi imakambidwa? Kapena ana amangovala chisoti n'kujambulitsa?

Woyang'anira Gulu: Abale, nkhani iyi ili ndi amasiye mbali zonse ndipo ena ali pagulu pano. Kambani mwaulemu, osatchula maina a anthu, osalowetsa zipani.

Aphunzitsi a ku Zobue: Mwana wina anafunsa ndithu. Mdalayo anayankha mawu ochepa: anati tsiku limenelo iye anali wa shifiti ya usiku, ndipo thabwa la misomali silinachotsedwe mashapa. Basi. Sanapitirize, inenso sindinamukakamize. Pobwerera m'galimoto ana anandipanikiza ndi mafunso mpaka pa Zobue, ndipo ndinazindikira kuti zimene ndikudziwa ine n'zochepa kuposa zimene amayi ogulitsa nthochi pa msika wa Moatize akudziwa.

Mphwake wa Mfumu (Furancungo): Ku Hwange ku Zimbabwe, kumene akuluakulu ankati Wankie, mgodi unaphulika pa 6 Juni 1972 n'kupha anthu 427, ena mwa iwo a kwathu konkuno ndi a ku Malawi. Kumeneko chaka chilichonse amasonkhana pa Kamandama, pamalo a mgodiwo, kuwakumbukira. Amalume a mayi anga anatsalira m'menemo. Dzina lawo timalitchula pakhomo chifukwa tikudziwa tsiku ndi malo. Tsono a Chipanga ndani akusonkhanitsa maina awo amayi amasiye asanathe?

Mayi a ku Domwe: Apa mwandigwira pamtima. Kwathu kuno alipo amayi awiri amene amuna awo sanabwerere ku Moatize. Mmodzi anamwalira chaka chatha. Palibe anapita ndi kope kukawafunsa.

Wamagetsi wa ku Songo: Ndiye mwina tikulimbana ndi funso laling'ono. Nyali ikhale uku kapena uko, chikusowa ndi munthu wokhala pansi ndi foni n'kujambula mawu. Foni iliyonse pagulu pano imajambula.

Mnyamata wa Shapa: Koma mudzamvera ndani zojambulazo? Tinene zoona. Ine ndinapita ku muzeu wa ku Chichiri ku Blantyre ndili mwana, chimene ndikukumbuka ndi chisitima chili panja chija, tinakwerapo mpaka mlonda kutithamangitsa. Zolembalemba sindinawerenge n'chimodzi chomwe. Mwana amafuna chogwira.

Aphunzitsi a ku Zobue: Pamenepo wanena zanzeru, ndipo ndi chifukwa chake kachipinda kaja ndimakakonda kuposa malo aakulu. Ku Maputo pa siteshoni pali muzeu wa kampani ya njanji ya CFM, wokongola, wosamalika, koma ndi ana angati a ku Macanga adzafikeko? Kwa mdala uja mwana amanyamula piki n'kumva kulemera kwake, amavala chisoti n'kuona kuti m'khosi mukuwawa pakangopita mphindi zisanu. Mtsikana wina anayesa kukankha kangolo kaja, mbuzi ili momwemo, osasuntha. Anatembenuka n'kufunsa kuti, "Ndiye mukadzaza malasha ankakankha angati?" Funso limenelo silikanabwera pa bolodi.

Makaniko wa ku Matundo: Kugwira kuli ndi mtengo wake. Galasi la nyali yawo ya sefa ija linasweka, mwana anaigwetsa. Ndipo mkuwa umayenda m'thumba mosavuta. Nachisale, mukaganiza zopereka, shapa musapereke yeniyeni. Bweretsani kuno ndikudulireni ina pa chitsulo n'kukhomapo nambala yomweyo, ikapachikidwe pa msomali wake. Yeniyeni ikhale ndi banja. Nyaliyo musaikweche ndi sandipepa kapena phulusa kuti iwale, mungafute zilembo za pansi pake. Ingopukutani ndi kansalu kouma. Ndipo mukatsegula chipinda cha pansicho mukapeza ufa woyera, musathiremo madzi pafupi ndi moto.

Bambo Wanjanji (Mutarara): Mukhozanso kubwereketsa osati kupereka. Lembani kapepala, mfumu ya dera kapena mlembi wa bairo asaine, kuti katunduyu ndi wa banja lakuti ndipo akafunidwa abwerera. Amalume anu akaona pepala mtima udzatsika. Akuluakulu sakana kuti chinthu chioneke, amakana kuti chitayike.

Mayi a ku Domwe: Zikatero ine ndilibenso mawu. Koma amalume ndiwo apite nacho okha, asatumidwe mwana.

Nachisale (Tete): Abale, ndabwerako. Ndawaimbira agogo aakazi a ku Tsangano kudzera pa foni ya msuweni, tacheza pafupifupi ola mpaka mayunitsi kutha. A Bambo Wanjanji, munalasa. Akuti achimwene awo anachoka pamudzi ali mnyamata kuthawa chibalo, n'kukalembedwa ntchito yoyendera njanji cha ku Mutarara konko. Nyaliyo anapatsidwa ndi kapitao wawo wachisena pamene ankachoka kupita ku mgodi. Ndipo akuti ndi nyali imeneyi imene anayenda nayo usiku kukafunsira mkazi wawo, agogo athu aakazi, anthu a m'mudzi n'kumathawa poganiza kuti ndi ufiti chifukwa anali asanaonepo moto woyera chotero. Amalume nkhaniyi samaidziwa. Ndawauza, aseka mpaka kutsokomola.

Bambo Wanjanji (Mutarara): Mdzukulu wandiwerengera kawiri. Mufunsenso ngati akukumbuka siteshoni imene ankagonera, mwina ndi malo amene ndikuwadziwa.

Mnyamata wa Shapa: Ndinanena ine kuti ankasaka usiku. Kungoti sanali akalulu 😂

Mayi a ku Domwe: Mwana uyu!

Nachisale (Tete): Pakali pano tagwirizana chonchi: nyali ikhala pamudzi, amalume akuti imeneyo ndi ya ukwati, si ya kampani. Chisoti avomera kuti chipite ku Moatize ndi pepala lija. A Makaniko, ndibwera ndi shapa Lachitatu mundidulire inzake. Za Chipanga agogo a ku Tsangano anayamba kunena kenako anati si za pafoni, ndipite ndekha. Ndinyamuka Loweruka lotsatira.

Aphunzitsi a ku Zobue: Mukadutsa pano muime, ndikupatsani kope ndi mafunso amene ana anga anandisowetsa nawo mtendere. Alipo khumi ndi anayi.

Mlongo wa ku Cateme: Tsiku limene amalume anu akukapereka chisoti mundiuze, tipitire limodzi. Chikombole ndichisiya kunyumba kaye.

Mnyamata wa Shapa: Yopita ku Angónia imanyamuka ikadzaza, koma mukafika isanakwane 6 koloko mpando wakutsogolo ndikusungirani. Ku Tsangano mukatsikira pa mphambano, kuchoka apo ndi njinga yamoto, ndipo mutenge chitenje chapadera chifukwa fumbi lake si lamasewera.